Ku Dwangwa madzi anaphwa, koma mpamba sunabwerere

Lolemba, ku Senga Bay

Mpunga ukakololedwa kunyanja, ine ndimasiyira mwana benchi langa ku Area 25 n'kutsika kukagula matumba oti andifikitse dzinja. Ulendo uno uli ndi chifukwa chinanso. Alamu anga, akazi a malemu achimwene, amakhala ku Dwangwa, ndipo ali m'gulu la anthu omwe madzi osefukira anawathamangitsa m'nyumba kumapeto kwa Febuluwale chaka chino cha 2024. Ndikawaimbira amangoti, "Tilipo alamu, tikuyesera." Munthu wa geni akayankha choncho, ndimadziwa kuti mpamba unathera m'mimba. Ndiye ndati ndikadzionere ndekha, ndipo ndizilemba pano madzulo aliwonse netiweki ikalola.

Minibasi inachedwa kudzaza, moti mapiri a ku Mvera tawatsika dzuwa lili paliwombo. Lero ndigona kwa msuweni wanga kufupi ndi Senga Bay.

Nyanja yadzaza, abale. Mchenga umene tinkakhalapo podikira asodzi kulibenso. Mitengo yaima m'madzi, mipanda ya malo ogona alendo yagwa, mafunde akumenya pa makonde a nyumba. Mu Epulo madzi anakwera kupyola mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo akuluakulu a kuno akuti anaiona yodzaza chonchi kalekale, cha m'ma 1980. Chaka chomwechi chimanga chapsa ndi dzuwa m'maboma ambiri, koma kumpoto ndi ku Tanzania mvula inagwa yambiri, mitsinje yake n'kuthira m'nyanja, pomwe potulukira madzi ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire.

Madzulo ndinakhala pa mphasa ndi mayi wina woyandikana ndi msuweni wangayo, amene amafutsa usipa. Mathandala ake onse ali pansi pa madzi. Nyumba yake sinagwe usiku umodzi ayi. Madzi ankabwera pang'onopang'ono, sabata ino pa khonde, sabata yamawa kukhitchini, mpaka ananyamula ana n'kukachita lendi kachipinda kumtunda.

"Ife sitinalembedwe, mayi," anatero. "Olembedwa ndi omwe anapita ku kampu. Nanga ife kampu yathu inali iti?"

Panopa akuyanika pa thandala la mnzake, ndipo amalipira ndi usipa womwewo. Mayi ameneyu palibe chimene analandira. Geni sanaisiye tsiku n'limodzi lomwe, koma ikufota sabata ndi sabata chifukwa lendi ikudya mpamba: ankagula ndi ndowa, tsopano akugula ndi chigoba. Mawa ndikupita kwa omwe analandira, ndikaone kuti iwo ali pati.

Lachiwiri, pa boma la Nkhotakota

Msewu wa M5 kuchokera pa Kaphatenga ndi wopapatiza, ndipo malo ambiri phula linadyeka m'mbali. Tadutsa Thavite, Benga, kenako pa mlatho wa Chia pomwe anyamata amathamangira galimoto atakweza nsomba m'mwamba. Dalaivala anagula zake n'kuzimangirira pa galasi lakunja kuti zizipitidwa mphepo.

Nkhani inabuka titangochoka pa Chia. Bambo wina wovala jekete, wooneka kuti ndi wa mu ofesi, anati: "Vuto la anthu a kuno ndi kuzolowera kulandira. Mukangowapatsa thumba la chimanga, khasu amalipachika." Angapo anavomereza. Mayi wina amene anakhala kumbuyo, mwana ali pamiyendo, anafunsa mwaulemu ndithu: "Bambo, munayamba mwagonapo m'kalasi mabanja khumi, mwana akutsegula m'mimba, chimbudzi chili chimodzi? Ndani angasiye nyumba yake kuti akasangalale kumeneko?" Bambo aja anangoyang'ana panja.

Mawu a bambowa ndimawamva kawirikawiri ku Lilongwe, ndipo sindiwataya onse. Alipo anthu amene akamva kuti kwabwera kalembera, banja limodzi amaligawa kukhala mabanja atatu. Koma chiyambire kugula mpunga kuno sindinakumanepo ndi mlimi amene amakonda mzere kuposa munda wake.

Kwa omwe simunatsatire bwino: mvula inagwa mosalekeza kumapeto kwa Febuluwale, mtsinje wa Dwangwa ndi ina yoyandikana nayo n'kusefukira, makamaka m'dera la mfumu yayikulu Kanyenda. Anthu opitirira 14,000 anasowa pokhala, 6 anamwalira, msewu wa M5 unaduka, ndipo asilikali ankachita kuwolotsa anthu pa maboti. Mwezi usanathe, pa 23 Malichi, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 mwagwa ngozi ya ng'amba ya El Niño. Chaka chimodzi m'mbuyomo, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anali atasamutsa anthu opitirira 650,000 kum'mwera, ndipo ambiri mwa iwo anali asanaimenso pawokha. Choncho a ku Dwangwa anagwa m'mavuto pa nthawi imene manja opempha anali ambiri kuposa manja opereka, ndipo maso a dziko sanakhalitse pa iwo.

Pa boma ndangodutsa pansi pa mkuyu uja amati David Livingstone anakumanapo ndi Jumbe mu 1863, ndadya kondowole ndi utaka wootcha, basi. Thupi latopa ndi msewu.

Lachitatu, ku Dwangwa

Tawoloka Bua m'mawa, nkhalango ya nyama ili chakumanzere, kenako nzimbe zokhazokha mbali zonse. Ino ndi nyengo yodula. Mathalakitala akungopitirirana kupita ku fakitale ya Illovo, phulusa la nzimbe zowotchedwa likugwera pa zovala.

Alamu ndawapeza akupeta mpunga wa eni ake, wa ganyu. Tinakumbatirana, tinalira. Pomwe panali nyumba ya njerwa zosawotcha pali mulu wa dothi, maungu amera pamwamba pake. Akugona m'kachisakasa ka mitengo ndi udzu, denga lake ndi pepala la pulasitiki lomwe analandira potuluka ku kampu.

Madzi asanabwere, alamu ankaphika nsima ya chiimirire pa msika. Makasitomala awo anali odula nzimbe, a kabaza ndi a malole. Anali ndi mapoto akuluakulu atatu, mbale, mabenchi awiri, ndi matumba a ufa amene anagula mu Januwale ndi ngongole ya ku banki m'khonde, poopa kuti chimanga chikwera mtengo. Madzi anafika usiku. Anangonyamula mwana wamng'ono ndi foni n'kukwera pa chulu, ndipo anakhala pamenepo mpaka boti linawapeza.

Ku kampu, yomwe inali pa sukulu ya pulayimale, analandira ufa, nyemba, nyama ya soya, mafuta ophikira, chidebe, bulangete, neti ya udzudzu ndi mankhwala othira m'madzi akumwa. Nditayamba kufunsa mafunso anga anandidula: "Alamu, tisanyoze. Pakanapanda ufa umene uja, bwenzi mutabwera kuno kudzakhuza maliro." Ndalemba mawu amenewa poyamba kuti zotsatirazi zisamveke ngati kusayamika.

Kenako anati: "Chimene chinatipweteka ndi kudikira."

Palibe amene ankadziwa tsiku lobwera galimoto. Mumamva kuti ibwera mawa, mawa n'kukhala mkuja, mkuja n'kukhala sabata yamawa. Bungwe lililonse likafika linkafuna kulemba mayina lokha, ndipo wolembedwa anali amene wapezeka pamenepo. Bambo wina woyandikana nawo, munthu wolimbikira amene sangakhale manja lende, analawirira tsiku lina kukapalira nzimbe za mlimi wina. Masana omwewo kunabwera bungwe lina, linalemba mayina, linapita. Iye pobwera madzulo ndi kandalama ka ganyu anapeza kaundula watsekedwa, ndipo anzake pambuyo pake analandira ndalama zoposa malipiro a ganyu ya mwezi wathunthu. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene anachokanso pa kampu masana. Amuna amphamvu zawo ankangokhala pansi pa mtengo kusewera bawo, khutu lili ku msewu.

Munthu wodutsa pa galimoto akanawaona akanati ndi ulesi umene bambo a jekete aja ankanena. Ine ndikuti anthuwo ankawerengera bwino. Kuchoka kunali kutaya, kukhala kunali kupeza. Amene anakonza kagawidwe kotero ndi amene anawakhazika pansi pa mtengowo. Akanauzidwa kuti chithandizo chizibwera Lachisanu lililonse, dzina lako lili m'buku limodzi, ukhalepo usakhalepo gawo lako lisungidwa, bwenzi Lolemba mpaka Lachinayi kampu ili mbee, anthu ali ku ntchito.

Nyengo yodula nzimbe inayamba cha mu Epulo, makasitomala a alamu n'kubwerera pa msika ndi njala yawo ya masana. Alamu analibe chophikira. Anandionetsa poto amene analandira: wabwino, watsopano, koma wa banja la anthu asanu. Simungaphikire odula nzimbe makumi awiri m'kapoto kameneko. Malo awo pa msika panakhala mayi wina, ndipo sangamuimbe mlandu, nayenso ali ndi ana.

Ndalama analandirapo kamodzi, za pa foni. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanagulire mapoto. Anatulutsa kabuku ka banki m'khonde, kamene kanapulumuka chifukwa kanali kwa mlembi wa gulu. Ufa unapita ndi madzi, koma ngongole yake inatsala, ndipo chiwongoladzanja chinkakwera mwezi ndi mwezi iwo ali ku kampu. Ndalama itangolowa, theka linapita kumeneko. Ina inagula yunifolomu ndi makope, chifukwa za ana zinapita. Yotsala inagula chimanga, pa mtengo wa chaka cha ng'amba. "Ikanakhala yochulukirapo, kapena akanatiuza kuti ibweranso tsiku lakuti, ndikanalimba mtima n'kugula poto mmodzi wamkulu," anatero. "Koma munthu sungagule poto ana akukuyang'ana, usakudziwa kuti mawa kubwera chiyani."

Tagona mochedwa. Mphepo inkakupiza pepala lija usiku wonse.

Lachinayi, pa doko lina kufupi ndi Ngala

Mwera wavuta kuyambira dzulo, ndiye maboti ambiri ali pamtunda, amuna akusoka maukonde. Mwana wa alamu wandiperekeza kwa bambo wina amene anali mwini chilimira.

Kwa a kumtunda: chilimira ndi ukonde waukulu wophera usipa ndi utaka pakati pa nyanja. Umafuna boti, mabwato, injini, nyali, ndi anthu pafupifupi khumi, kuphatikizapo siginala amene amakhala m'bwato ndi nyali usiku kuitana nsomba. Akabwera m'mawa amachotsa ndalama ya mafuta, yotsala n'kugawana mwini zipangizo ndi alovi, anyamata ogwira ntchito pa ukondewo. Pamtunda pamakhala amayi ogula, ofutsa, oyanika, anyamata onyamula madengu, a kabaza, ogulitsa nkhuni ndi ophika tiyi. Ukonde umodzi umadyetsa makomo ambiri ndithu.

Bamboyu boti lake linali chakumathiriro kwa mtsinje. Madzi anabwera ndi zigodo za mitengo, boti linasweka, ukonde unapita. Nyumba yake ya malata inaima. Pa kalembera anauzidwa kuti iye si wovutikitsitsa, ndipo iye mwini akuvomereza. "Zoona mayi, panali agogo, panali amasiye, panali olumala. Sindikanawalanda thumba. Koma anyamata anga onse analembedwa, analandira ufa, ufa unatha. Pano akundifunsa kuti bwana tibwerera liti pamadzi."

Kugulanso zipangizo n'kovuta chifukwa mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo ukonde, zingwe, injini ndi petulo zonse zimadalira ndalama yakunja. Zimene anasonkhanitsa pang'onopang'ono pa zaka zambiri sangazigulenso ndi mtengo wa lero. Alovi ake anabalalika. Ena anapita ku chilumba cha Mbenje ku Salima chitatsegulidwa mu Epulo, paja kumeneko mfumu yayikulu Makanjira imatseka usodzi nyengo yamvula. Ena akudula nzimbe. Awiri akuti anapita ku Johannesburg, anasiya akazi ndi ana.

Apa ndiye pandivuta maganizo. Kusankha ovutikitsitsa pogawa chakudya n'kolondola, ndipo sindingafune kuti zisinthe. Koma chakudya chikatha, wovutikitsitsa uja amafuna womulemba ganyu ndi womugula katundu. Mwini chilimira, mwini chigayo, mwini ngolo, awa safuna thumba la ufa. Amafuna ngongole yofewa yoti aibweze nsomba zikayamba kugwidwa. Bamboyu womukongoza amene wamupeza ndi wa katapila yekha, ndipo wakana. Wachita bwino.

Pa doko pomwepo ndaona maneti a udzudzu atawasoka pamodzi, ana akukokera tinsomba m'mphepete mwa bango. N'zoletsedwa, ndipo zimapha nsomba za mawa, chifukwa neti imeneyo sisiya ngakhale kamwana ka chambo. Zandiwawa kuona. Koma ndamvetsa kuti pa katundu yense amene anthuwa analandira, neti yokhayo ndi imene inkafanana ndi chida cha ntchito yawo.

Ndisanachoke ndinacheza ndi mtsikana wina, mayi wa ana awiri, amene akuyanika usipa pa thandala latsopano la bango. Iye anachita chimene ambiri amachidzudzula: anagulitsa bulangete limodzi ndi chidebe chimene analandira. Ndalamayo anagula chigoba chimodzi cha usipa, anafutsa, anakagulitsa pa Dwangwa, anabwera n'kugula ziwiri. Pano akugula ndi ndowa. "Anandinena kuti ndine wosayamika," anatero akutembenuza nsomba, "koma bulangete silibereka." Ndagula usipa wake wonse wa lero osanenerera mtengo.

Lachisanu, ku minda

Amalume awo a alamu, bambo achikulire koma oyenda mwachangu kuposa ine, anditengera ku munda kwawo m'mawa.

Poyamba pa dambo la mpunga. Madzi anabwera mpunga atawokera kale, utayamba kuphukira. Anandiuza kuti ndikumbe ndi khasu. Ndinakumba mchenga woyera, wa mtsinje, mpaka mpini unalowa theka, dothi lakuda osalipeza. Mbali ina madzi anasiya matope achonde, ndipo amene minda yawo ili kumeneko akusimba lokoma. Mtsinje umodzi womwewo wina unamulanda, wina unamupatsa.

Kenako ku chinangwa. "Inu a ku Lilongwe nkhokwe yanu ili pabwalo," anatero amalume. "Yathu ili pansi pa nthaka." Kuno munthu sakolola chinangwa chonse nthawi imodzi. Amazula chokwanira sabata, kusenda, kuviika masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, kuyanika, kusinja, kondowole wapsa. Chotsala chimadikira m'munda. Akafuna ndalama ya sopo kapena ya chipatala amazula n'kugulitsa. Koma chinangwa sichipirira madzi oima. Chitakhala m'madzi masiku angapo chinawola chonse, moti akuti munda wonse unkanunkha. Chakudya cha chaka chino ndi cha chaka chamawa chinapita pamodzi, mitengo yobzala nayonso. Ndipo chinangwa ukabzala lero, umadikira pafupifupi chaka kuti uzule chokhwima.

Amalume analandira mbewu ya chimanga, kapaketi kokongola. Amene ali ndi madimba achinyezi anabzala ndipo chimanga chawo chili bwino, ndachiona ndi maso, chayamba ngaiyaye. Amalume analibe pobzala, pamchenga paja sipangamere kanthu, ndipo mbewu yothira mankhwala sungadye. Anaigulitsa, ndalamayo n'kulipira kabaza wopita kwa abale awo kumtunda kukapempha mitengo ya chinangwa. Imene yamera m'munda mwawo lero ndi ya abale, ya ulere, yomangidwa ndi luzi.

Chimene chandisangalatsa lero ndi gulu la amayi amene analandira mbewu ya mbatata madzi atangophwa, nthaka ikadali yonyowa. Pasanathe mwezi anayamba kuthyola kholowa wa ndiwo, ndipo pano akukumba mbatata n'kumaunjika m'mbali mwa msewu. Mbewu yake agawirakonso anzawo. Amene anaganiza zobweretsa mbatata pa nthawi imeneyo anayamba wafunsa mlimi, ndikhulupirira. Chinali chinthu chotsika mtengo kuposa zambiri zimene zinabwera, koma chinafika mwezi wake.

Nkhani yosamukira kumtunda ikukambidwa paliponse, ndipo aliyense akuvomereza kuti madzi adzabweranso. Funso ndi lakuti kumtunda kwake kuti. Kum'mawa kuli nyanja, imene yadya kale gombe. Pakati pali nzimbe. Kumadzulo kuli nkhalango ya nyama ya makilomita 1,800 m'bwalo lake, imene African Parks ikuyang'anira kuyambira 2015 ndipo inabweretsamo njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Malo amene mafumu angapeze ndi omanga nyumba, osati olima. Amene anasamuka ena ayamba kale kubwerera: kumtunda amasiyako agogo ndi ana a sukulu, iwo n'kumanga kachisakasa kufupi ndi dimba kapena doko. Msodzi sangayende maola awiri usiku kupita ku bwato lake. Mukamva kuti anthu ndi osamva, akubwerera malo angozi, dziwani kuti akubwerera komwe kuli chakudya.

Madzulo tapita pa msika ndi alamu. Tagula mapoto awiri akuluakulu, mbale khumi ndi ziwiri ndi thumba la ufa. Iwo akana kuti ikhale mphatso. Tagwirizana kuti azindibwezera pang'onopang'ono kuyambira mwezi wamawa, popanda chiwongoladzanja, ndipo alemba m'kope mwana wawo ali mboni.

Loweruka, ku Bua

Lero linali tsiku la geni yanga. Ndatsikira ku sikimu ya Bua ndi midzi yozungulira. Mpunga wa Faya ulipo, wa Kilombero ndi wochepa ndipo mavenda akulimbirana. Ndagula wosapuntha, ndikapunthitsa pa boma.

Podikira ngolo ndinakhala ndi bambo wina wa m'komiti ya za ngozi ya m'mudzi wina wa cha ku Dwangwa, amene anabwera kudzaona mwana wake. Nditamuuza zimene ndamva sabata ino sanakane, koma anandionetsa mbali yake. Bungwe limabwera ndi nambala yake kale: tikufuna mayina akuti. Mabanja okhudzidwa amakhala ochuluka kuposa nambalayo. Wa komiti ndiye amasankha, ndipo galimoto ikapita iye amatsala m'mudzimo ndi omwe sanalembedwe, amakumana nawo pa mjigo, ku maliro, ku mzikiti ndi ku tchalitchi. "Ena mpaka lero sandipatsa moni," anatero. Ndiye midzi yambiri imangogwirizana kuti chobwera chigawidwe kwa onse. Thumba limene a ofesi analemba kuti likwanira banja limodzi mwezi wathunthu limadyedwa ndi mabanja atatu, n'kutha pa masiku khumi. Ndalama nazonso chimodzimodzi. Ndi umunthu wathu, ndipo sindingaunyoze, koma ndalama yoti ikanakhala mpamba wa munthu mmodzi imasanduka ndiwo za anthu asanu.

Ananenanso chinthu chimene sindinachiganizirepo. Mabanja amene ali pa Mtukula Pakhomo, kapena amene amagwira ntchito za Mbwezera Chilengedwe, ndalama zawo n'zochepa, koma anali oyamba kuchoka pa kampu. Dzina lawo lili m'kaundula wokhazikika, sakhala ndi mantha kuti akachoka aphonya. Ku banki m'khonde amawakhulupirira, wa golosale amawakongoza, chifukwa aliyense akudziwa kuti kanthu kadzalowa.

Ine sindinaphunzire za chitukuko, ndimagulitsa mpunga. Koma ndikanakhala pa mpando wa ogawawo, sabata zoyamba ndikanachita monga momwe anachitira, ufa, madzi abwino ndi pogona, mwachangu. Zitatero ndikanayenda ndi kope kufunsa munthu aliyense kuti madzi asanabwere unkadya chiyani, ndipo chikusowa n'chiyani kuti uyambirenso. Wina akanati poto, wina mitengo ya chinangwa, wina matabwa a boti, wina fosholo ndi wilibala yochotsera mchenga. Zambiri mwa izi n'zotsika mtengo kuposa kudyetsa banja miyezi itatu. Ndalama ndikanapereka kamodzi yokwanira kugula chida, tsiku lake n'kulengeza poyera. Ndipo ndikanakhala pansi ndi magulu a banki m'khonde, chifukwa ndalama yambiri ya chithandizo imangodutsa m'manja mwa wolandira n'kukatseka ngongole.

Lamulungu, pa msewu wa ku Lilongwe

Matumba akwera lole ya nsomba, ine ndakhala kutsogolo. Titadutsa Mvera dalaivala analoza chakumpoto, ku Dowa, n'kuyamba nkhani ya Dzaleka. Kampu ya anthu othawa kwawo imeneyo inatsegulidwa mu 1994 ndipo lero muli anthu opitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, ndipo malamulo amafuna kuti azikhala mu kampu. Mu Meyi 2023 omwe ankachita malonda m'matauni anabwezedwa kumeneko, mashopu awo n'kutsekedwa. Kwathu ku Area 25 tinali nawo, ena ankandigula mpunga ndi thumba. A ku Dwangwa anadikira galimoto miyezi ingapo ndipo geni zawo zinagwa. Ku Dzaleka kuli anthu obadwira momwemo, pano ali ndi ana awoawo, ali ndi luso m'manja, akudikirabe galimoto.

Tili pa Chezi alamu anatumiza uthenga. Malo pa msika awapeza, kumapeto kwenikweni kufupi ndi ogulitsa makala, ndipo ayamba mawa ndi nsima ya nyemba ndi usipa, nyama idikire kaye. Gulu lawo la banki m'khonde likumana Lachitatu kukambirana ngati chiwongoladzanja cha miyezi imene anthu anali ku kampu chingachotsedwe. Mwa amayi a m'gululo, oposa theka nyumba zawo zinagwa, koma otsalawo ndalama zawo zili momwemo ndipo akuyembekeza kugawana mu Disembala, ndiye nkhaniyo sikhala yophweka.